Chikho cha Mizere Iwiri

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine kuno ndilipo, maondo okha ndiwo akudandaula. Ndine Esinati, mwana wanu wachisamba, yemwe uja munkati makani ake anaposa a mbuzi yokokedwa pachingwe.

Musadabwe kuona kalata yochokera m'manja mwanga. Kusukulu sindinapondeko, paja inu nomwe munakana, munati mwana wokumba mizu safuna sileti. Zilembozi ndinazitola ndekha m'buku la nyimbo, ndikuloza ndi chala pamene anzanga akuimba, mpaka tsiku lina ndinangoona mawu akundiyang'ana. Mdzukulu wanu Gidiyoni anati andilembere pa makina ake. Ndinakana. Nkhani iyi ndi ya inu ndi ine. Pamene mawu apindika, muwongole nokha.

Chino ndi chaka chachitatu chikuperekezereni kumanda. Titangometa, Gidiyoni anatumiza tikiti kuti ndibwere kudzalera mwana wake, ndipo ndinati ndikhala miyezi isanu ndi umodzi basi. Onani lero. Tikukhala ku North York, kuno kutsidya kwa nyanja, m'nyumba zosanjikizana, ife tili pamwamba penipeni moti mbalame zimadutsa m'munsi mwathu. Timakwera pa chikepe. Munthu sungaponde dothi pokhapokha utachita kuvalira. Nyengo ya chisanu ikutha tsopano, chipale chofewa chimene chimagwa kuno ngati mvula chasanduka matope akuda m'mbali mwa misewu, ndipo ine ndikamaona dzuwa pawindo ndimapusitsidwabe, ndimatuluka pakhonde kukawotha, n'kubwerako makutu atauma ngati zikopa.

Nkhani yabwino ndi yakuti Rozi, mkazi wa Gidiyoni uja wa ku Zomba, anachira mwana wamkazi mwezi wa Khirisimasi. Tamutcha dzina lanu, Malita. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amatseka diso limodzi monga munkachitira. Wamkulu uja, Tamanda, wayamba sukulu. Ndikamufunsa m'Chichewa amamva bwinobwino, koma amayankha Chingerezi, ndiye timakhala tikukokana ngati anthu a mitsinje iwiri. Tsiku lina ndinamuuza kuti, “Iwe, pakamwa pako panabadwira kuti?” Anangoseka n'kundipsompsona patsaya. Ukamukwiyira bwanji wotere?

Zokolola zanga chaka chatha zinali nyemba za m'zitini zisanu pakhonde, ndi nkhwani umene anatipatsa anzathu a ku Chipata okhala ku Oshawa, amene ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba. Ndinafutsa pang'ono. Ndikatsegula thumba la mfutsowo, Amayi, fungo lake limanditengera pabwalo lanu, pamphasa ija munkayanikapo masamba, nkhuku zikuzungulira. Ndimalitseka msanga.

Kwathu, achimwene a Sitefano analemba kuti mvula yagwa bwino, chimanga chabereka ziwiriziwiri, koma mango aja a kuseri kwa nyumba yanu anagwa ndi mphepo. Salemba zambiri, poti masiku ano kalata zimafika zitawerengedwa kale panjira. Koma kumapeto anaikako mawu awiri amene andigwiritsa pensuloyi. Oyamba, akuti mdzukulu wanga Aginesi ali ndi pakati, mimba yake yoyamba, ndipo masiku ake akwana chimanga chikamauma. Achiwiri, akuti ntchito yanu ya uzamba anaitenga Anangozo, msuweni wanga uja munkamuphunzitsa kale, ndipo ndiwo adzamuchiritse. Akuti mwanamphepo wawo ndi wofanana ndi wanu, wofulumizitsa matenda a amayi. Nditawerenga pamenepo, ndinaika kalata pansi n'kukatsegula sutikesi yanga.

Inu mukudziwa chifukwa chake. Chikho chanu choyezera mankhwala chili ndi ine kuno. Ndinachitenga tsiku la maliro, ndinachikulunga m'duku, chinakwera nane ndege. M'kati mwake muli mizere iwiri yolembedwa ndi mpeni, wina pamwamba, wina m'munsi. Anangozo anachoka pamudzi kutsata mwamuna wawo mzere uli umodzi, wapamwamba uja. Anabwerera inu mutapita kale, ndiye wachiwiri sakuudziwa.

Koma ndiyambe ndakuuzani za ntchito ya Gidiyoni, chifukwa ndi kumene nkhaniyi inandipezera. Udokotala anaphunzira ndithu, koma sakhala m'chipatala ngati madokotala a ku mishoni. Amagwira ku kampani yopanga mankhwala ku Mississauga, amadiraiva m'mamawa kusanayere bwino. Nditangofika zinandinyansa. Ndinati, “Iwe, tinakutumiza kukaphunzira kuchiza anthu, ndiye wasanduka wogulitsa mapilitsi?” Iye anati, “Amayi, sindigulitsa ayi. Ine ndine wolawa, ngati agogo.” Paja inu simunkapatsa munthu mankhwala musanamweko kaye pamaso pake. Anandifotokozera kuti mankhwala atsopano asanafike m'sitolo, iwo amawatesita kaye, kuona kuti ochuluka bwanji amachiza, ochuluka bwanji amapweteka, ndiponso ndani sayenera kumwa. Anati, “Kusiyana kwake n'kwakuti agogo ankalawa okha. Ife timalawa tili ambiri, ndipo timalemba.” Ine ndinati, “Lembani. Agogo ako analibe pepala, koma theka la mudzi linabadwira m'manja mwawo.” Anangondithirira tiyi. Mwana uyu ali ndi ulemu wopweteka.

Madokotala a ntchito imeneyi ali ndi bungwe lawo, iwo amati sosayate. Amakumana kamodzi pamwezi. Ine ndinkayesa n'kongomwera tiyi ndi kuonetsana mataye. Tsono mwezi watha anali ndi phwando lawo la pachaka, lololeza kubwera ndi abale, ndipo Gidiyoni anandikakamiza. Rozi anandigulira diresi lothina m'chiuno. Ndinalibweza. Ndinavala chitenje changa ndi duku, chijasi pamwamba, ofuna kuyang'ana ayang'ane. Phwandolo linali ku hotela ya pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo ndege iliyonse ikadzuka mtima wanga unkafunsa ngati imeneyo ndi yopita kwathu. Anatipatsa masamba osaphika ngati akalulu a m'khola. Ndinadya buledi.

Titatha kudya, anaimirira dokotala wina wokalamba, Mzungu, mmodzi wa amene anayambitsa bungwelo. Rozi anasendeza mpando kuti azindinong'oneza m'Chichewa. Mkuluyo anati poyamba anali ochepa, okwana patebulo limodzi. Madokotala anzawo a m'zipatala ankawanyoza kuti anagulitsa udokotala wawo kwa amalonda. Ndinayang'ana Gidiyoni, iye anayang'ana mbale. Anati masiku amenewo aliyense ankadziwa za kampani yake yokha, ndipo choipa chikaoneka chinkatsekeredwa m'kabati.

Kenaka ananena za iye mwini. Anati ali wamng'ono pantchito analandira kalata yochokera kwa dokotala wa kumudzi wina, yonena kuti mayi wina wamwalira atamwa mankhwala amene iye anathandiza kupanga. Anaiwerenga, anati mumtima mwake, ndi mmodzi yekha, mwina anali ndi nthenda ina. Anaiika m'kabati. Patapita chaka, ali patebulo lija ndi anzake, wina anatchula kuti nayenso ali ndi kalata yotere yokhudza mankhwala a mtundu womwewo, koma ndi mmodzi yekha. Wachitatu naye anati, inenso, mmodzi yekha. Mkuluyo anati chaka chimene kalata inagona m'kabati chija amachiwerenga mpaka lero, chifukwa sadziwa kuti anthu angati anamwa mankhwalawo m'miyezi imeneyo.

Anati kuyambira pamenepo anapangana kuti choipa chilichonse chizilembedwa ndi kuuzidwa kwa onse, ngakhale chitanyazitsa mwini wake. Pambuyo pake kunadza tsoka lalikulu la mapilitsi ena amene amayi apakati ankamwa, ana n'kumabadwa manja osakwanira, ndipo boma linayamba kuwamvera ndi kukhwimitsa malamulo. Lero amaphunzitsa madokotala achinyamata olowa ntchitoyi, amakambirana ndi a boma, ndipo akufuna kuti ntchito yawo izidziwika ngati nthambi ya udokotala payokha, yokhala ndi maphunziro ake. Zambiri za kumapetoko zinandidutsa. Ine ndinali nditatsalira pa kabati paja.

Amayi, ndinkadikira kuti anthu amuseke, kapena mkazi wake abise nkhope. Kwathu munthu wonena zotere pagulu, mbumba yake imasamuka. Koma palibe anaseka. Mkazi wake anangomugwira dzanja pamene ankakhala pansi. Ine ndinaweramitsa mutu, chifukwa nanenso ndili ndi kabati, ndipo muli mmodzi yekha.

Tinene za Delifa, Amayi. Zaka zoposa makumi atatu sitinatchule nkhaniyi, inu ndi ine, ngakhale tinkakumba mizu limodzi, kusinja limodzi. Mng'ono wanga, mwana wanu wotsiriza, woseka ndi mano onse. Inali nthawi ya dzinja, matenda anamuyamba m'mawa, tsiku lonse linadutsa, lachiwiri linacha, mwana osatsika. Munathira mwanamphepo mpaka pamzere, munalawa monga mwa mwambo wanu, ine ndinamugwirizira chikho pakamwa. Dzuwa lili pamutu munathiranso. Ndinagwirizanso ine. Ndikukumbukira kuti anandiyang'ana pamwamba pa chikho, anati, “Achemwali, chikuwawa.” Ndinati, “Meza, usachite zachibwana.” Mawu otsiriza amene ndinamuuza ndi amenewo. Ululu unabwera wotsatizana wopanda kupuma, anakuwa kamodzi kokweza, kenaka anangoti zii. Zotsatira zake mukuzidziwa. Tinawaika awiri m'manda amodzi.

Amayi a m'mudzi anati mwamuna wake, a Bikitoni, anayenda ndi mkazi wina pamene Delifa anali ndi pakati, ndiye anamutsekera njira. A Bikitoni anakana mpaka kulira ngati mwana, koma anawapirikitsa, anabwerera kwawo ku Ntcheu ndi kabulangete kokha. Inu simunanene kuti ndi zoona, simunanene kuti ndi bodza. Patatha sabata ndinakupezani kuseri kwa nkhokwe, chikho pamiyendo, mpeni m'manja, mukulemba mzere wina m'munsi mwa woyamba. Maso athu anakumana. Munati, “Ukuyang'ana chiyani? Katunge madzi.” Ndinakatunga. Kuyambira tsiku limenelo simunadutsitsenso mzere wam'munsi, ndipo simunabwerezenso kachiwiri kwa munthu aliyense, ngakhale abale ake atagwada.

Ndinasunga pakamwa chifukwa cha dzina lanu. Ndiponso, ndisanamizire inu nokha, chifukwa cha dzanja langa limene linagwira chikho. Chaka chatha Tamanda anachipeza m'sutikesi n'kumasewera nacho, Gidiyoni anachitola, anachitembenuza, anafunsa kuti, “Bwanji mizere ili iwiri?” Ine ndinalumpha, ndinati, “Agogo ako sanaphepo munthu!” Iye sanafunse zimenezo, Amayi. Anangondibwezera chikho ndi manja awiri.

Munkakonda kunena, mukamazula dawe m'dimba, kuti choipa ukachikwirira chimamera. Munkanena za udzu. Tsopano taonani chamera pati: pa Aginesi, mwana amene munamulandira inu nomwe, amene munkamutcha kamphuno. Anangozo si munthu woipa. Adzathira mpaka pamene inu munawaphunzitsa, adzalawa, adzanena kuti ndi muyeso wa malemu, ndipo mwana akachedwa adzathiranso. Adzachita zonsezo mokhulupirika, m'dzina lanu.

Ndinakhala masiku anayi ndikukangana nanu mumtima. Ndikusambitsa Malita, ndinkakufunsani. Ndikuyembekeza basi yopita kutchalitchi, ndinkakufunsani. Simunayankhe, monga kale. Lamulungu titabwerako, Rozi atatenga ana kukagona masana, ndinaika chikho patebulo pamaso pa Gidiyoni. Ndinati, “Tenga pepala lako lija. Ndili ndi mmodzi yekha.”

Ndinamuuza zonse. Sanadziwe n'komwe kuti amayi ake aang'ono anapita motero, iye ankadziwa nkhani ya a Bikitoni basi. Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Kenaka anayamba mafunso a ntchito yawo: anamwa wochuluka bwanji, panadutsa nthawi yotani pakati pa chikho choyamba ndi chachiwiri, mizu inakumbidwa nyengo yanji, inali yaiwisi kapena youma. Poyamba ndinapsa mtima. Ndinati, “Ndikukuuza za m'bale wanga, iwe ukundifunsa ngati wapolisi?” Anati, “Pepani, Amayi. Koma mafunso amenewa ndiwo amapulumutsa wotsatira.” Ndinayankha onse. Ndinadabwa kuti ndikukumbukira chilichonse, ngakhale mtundu wa nsalu imene Delifa anagonera.

Iye akuti mizere yonse iwiri njosadalirika, chifukwa muzu wa dzinja ndi wa chilimwe mphamvu zake n'zosiyana, ndipo chikho sichingadziwe. Pamenepo tinakangana. Ndinamuwerengera maina a anthu amene anabadwa ndi mzere wam'munsi, ena lero ndi aphunzitsi, wina ndi mbusa. Sindinagonje zonse, musaope. Mizu ina ija yosakaniza sindinamuuze, ndinati a sosayate akaifuna akakumbe okha, aone ngati taye imalowa m'tchire. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndachiona ndekha popanda wondiuza. Munalawa, Amayi, tsiku lija, munalawa kawiri konse. Koma inu munalibe mimba. Lilime lanu likanadziwa bwanji za chiberekero cha Delifa?

Tsono ndalemba kalata kwa achimwene, ndi dzanja langa lomweli, masamba atatu. Ndawauza kuti aitane Anangozo ndi make Aginesi, awawerengere mokweza, osadumpha mawu. Ndanena kuti Delifa anapita ndi mwanamphepo wobwereza, kuti chikho ndinagwira ndine, ndi kuti inu munatsitsa muyeso pambuyo pake. Ndanena kuti Aginesi asamwe ngakhale dontho, apite akadikirire ku chipatala cha mishoni chimanga chisanaume, ndipo Anangozo amuperekeze, akhale naye, asaone ngati tawataya. Ndanenanso kuti ngati a Bikitoni ali moyo, munthu akwere njinga apite ku Ntcheu akawauze kuti mlandu sunali wawo. Akatukwana, atukwane ine. Gidiyoni naye walemba zake m'Chingerezi, akuti akaziwerenga ku bungwe lawo ndi kutumizanso kwa madokotala a ku mishoni, popanda kutchula dzina lanu kapena la mudzi.

Kalatayo ndinakaponya ndekha m'bokosi lofiira la pakona. Ndinaima pamenepo nditaigwira pakamwa pa bokosi mpaka zala zinauma, mayi wina wa galu n'kundifunsa ngati ndasochera. Ndinaisiya. Imatenga masabata atatu kuti ifike. Ndawerenga masiku pa zala kambirimbiri, ndipo ikuyenera kufika nthawi ikadalipo. Ndikudziwa kuti ikakawerengedwa, m'mudzi mudzakhala nkhani. Ena adzati Esinati wadya za Azungu, wayamba kunyoza make ali m'manda. Anene. Aginesi akadzatuluka ndi mwana kumsana, adzanene bwino.

Kodi mwandikwiyira? Ndikanakonda mukanakhala pafupi, mundikalipire maso ndi maso, mutseke diso limodzi lija. Kuno kulibe wondikalipira, onse amandipatsa ulemu, ndipo ulemu wambiri umasungulumwitsa. Ndimalakalaka m'mawa wina tikadalowanso m'tchire la kuphiri, inu patsogolo ndi kakhasu, ine pambuyo ndi dengu, mukundiuza kuti ndikumbe mbali ya kum'mawa, ndisamalize mizu yonse, mtengo nawo ufuna kukhala moyo. Mame ankatinyowetsa mpaka m'chiuno. Sindinadziwe kuti masiku amenewo ndiwo anali chuma changa.

Munatiphunzitsa kuti mankhwala sathokoza, ukathokoza amatha mphamvu. Ndiye moyo wanga wonse sindinakuthokozenipo. Leronso za mankhwala sindithokoza. Koma za mzere wachiwiri uja, zikomo, Amayi. Ndauyang'anitsitsa masiku ano. Ndi wozama kuposa woyamba, mpeni unadutsapo kangapo. Inu munalibe pensulo, munalibe tebulo la anzanu oti muwauze, munali nokha kuseri kwa nkhokwe. Munalemba mmene munkathera. Imeneyo inali kalata yanu, ndipo ine wonyamula ndinachedwa nayo zaka makumi atatu. Tsopano ndaitumiza.

Gidiyoni anapempha chikhocho kuti akachiike m'kabati ya galasi ku bungwe lawo. Ndinati ajambule chithunzi, chikho ayi. Zamakabati zakwana. Ndikulonjezani kuti Malita akangoyamba kuyenda, ndikwera ndege, maondo afune asafune. Ndidzafika kumanda ndi chikho chanu, ndidzachiboola pansi monga timachitira ndi ziwiya za omwalira, ndidzachiika pakati pa inu ndi Delifa. Mumupatse moni. Mumuuze kuti achemwali ake anamva kuti chinkawawa.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamakani yemwe uja,
Esinati